Lipoti la Nyengo, Lachinayi Masana

Kuyambira m'mawa mpweya ukulemera
ngati bulangete lonyowa loiwalika pachingwe.
Ndalemba m'kaundula: kutentha madigiri 34,
chinyezi chakwera,
mphepo yapansi ikuchokera ku Congo,
yam'mwamba ikuchokera kum'mawa.
Zikasemphana chotere,
ngati maminibasi awiri olimbirana wokwera mmodzi,
wina amakagona kuchipatala.

Pakompyuta panga mtambo suoneka ngati mtambo.
Ndi kachilonda kofiira pamwamba pa Chongwe,
kotupa nthawi iliyonse chithunzi chatsopano chikafika.

Malizani wanyamuka kale pa galimoto ya ofesi,
ija ya chitseko chomanga ndi waya.
Anthu akuthawira m'makonde a masitolo,
iye akuloza komwe kwadako.
Amati mvula ya pakompyuta sinyowetsa munthu,
uyenera kuinunkhiza wekha.

"Tikambenji, ukundimva?
Ndili mu Great East, ndadutsa Chelstone.
Kunsi kwa mtambowu kwabiriwira ngati ndulu.
Matalala ayamba, akulu ngati masuku.
Dikira.
Pali chinthu chikulendewera.
Chikuzungulira. Mayo ine, chikuzungulira,
chitamba cha njovu chofunafuna pomwera."

Bwerera, ndikumuuza. Akuseka.
Kumbuyo kwa mawu ake malata akulira,
kenako foni yangoti zii.

Ndatenga rula, ndaiyala pa mapu.
Chelstone. Kaunda Square.
Rula sanama, sadziwanso chisoni:
nsonga yake yagwera pa Mtendere.

Bwana akufuna chenjezo la pa wailesi,
mizere itatu, mawu odekha.
Ndikulemba: Kungathe kugwa mvula yamphamvu
ndi mphepo yamkuntho m'madera ena a mzinda.
Madera ena.
Madera enawo ali ndi geti la buluu losatsekeka bwino,
denga lopsinjidwa ndi matayala awiri ndi njerwa zisanu,
poti mwini nyumba analonjeza misomali chaka chatha.
M'madera enamo muli Nthambose wanga,
akulemba masamu pa mpando,
yunifolomu ili panja pachingwe.

Ndikuimbira a neba. Sakuyankha.
Ndikuimbanso.
Magetsi athima, jenereta yatsokomola, yadzuka,
kachilonda kaja kabwerera pagalasi katakula,
kuda pakati.

Ndinaphunzira zaka zinayi kuwerenga mitambo,
ndingakuuzeni kutalika kwake, kuzizira kwa nsonga yake,
koma palibe anandiphunzitsa
kuukankha mtambo ndi chala
kuti udutse mtunda umodzi kumpoto,
kumene kulinso mwana wa wina.

Cha m'ma faifi Malizani walowa,
matope mpaka m'mawondo, galasi lakutsogolo lang'aluka.
M'chipewa wanyamula matalala kuti tiyeze,
koma afika ali madzi.
Kavuluvulu uja, akuti, anakhala pansi mphindi zinayi zokha:
wasasula khola la nkhuku pa famu ina,
wapinda chikwangwani cha sopo ngati kalata,
n'kukafera m'munda wa chimanga chofika m'chiuno.
Akufotokoza maso ali gwa, manja akunjenjemera,
ngati munthu amene waona chibwenzi chakale pamsika.
Mawa, akuti, tidzazenso mafuta.

Ndalemba: mvula mamilimita 41.
Mphepo, chida chinathyoka chisanamalize kuwerenga.

Mu minibasi akuti a zanyengo ndi abodza,
ku Matero sikunagwe ndi dontho lomwe.
Ndakhala chete, chikwama pamiyendo.

Ku Mtendere ndalowa nsapato zili m'manja.
Tayala limodzi lagwa, lata limodzi lakweza mutu,
yunifolomu sikudziwika komwe yapita.
Nthambose wandichingamira pa geti ndi kapu ya pulasitiki:
"Amama, kunagwa miyala ya madzi,
ndakusungirani."

Ndasuzumira m'kapumo.
Muli madzi, kaudzu,
ndi thambo la mawa lomwe sindinaliwerengebe.